Poto mmodzi pamadzi: sayansi ya kuphika m'boti

Usipa umene mumagula pamsika wa Mzimba Boma, pa Jenda kapena ku Embangweni unagwidwa usiku ndi anthu amene anachezera panyanja, ena akukoka chilimira, wina amene amamutcha siginala ali m'bwato lake ndi nyali zoitanira nsomba. Ntchito yake ndi yolemetsa ndipo imafuna m'mimba muli kanthu. Funso lathu lero ndi ili: munthu ali pamadzi, pamalo poti ngakhale kutambasula miyendo n'kovuta, angaphike bwanji, ndipo angaphike chiyani?

Mwina mukuti nkhaniyi ndi ya anzathu a ku Nkhata Bay, ife kuno tili ndi mtsinje wa South Rukuru ndi damu la Luwawa basi. Dikirani kaye. Wophunzira wa self-boarding amene amachita lendi kachipinda kamodzi pafupi ndi CDSS, momwe muli mphasa, mabuku, ndowa ndi mbaula, ali pa vuto lofanana ndi la msodzi: malo ochepa, makala ochepa, poto mmodzi, nthawi yochepa. Boti langowonjezera chinthu chimodzi, kugwedezeka. Ndipo pafupifupi zonse zimene tikambe pano zili mu silabasi ya Physics, Chemistry ndi Biology.

Amaphika pamadzi ndani?

Asodzi ambiri a usipa amanyamuka madzulo atadya kale kumtunda, n'kubwerera m'mawa. Kwa iwo khitchini yeniyeni ndi padooko. Koma alipo anthu amene madzi ndiwo mudzi wawo. Pa nyanja ya Chilwa, kumwera kwa dziko lino, asodzi amamanga zimbowera, timisasa tokhala pamwamba pa zomera zoyandama, ndipo amakhala momwemo milungu ingapo, ena miyezi, osaponda kumtunda. Amaphika momwemo, amagona momwemo. Palinso sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951. Ndi yotalika mamita pafupifupi 52, ndipo ulendo wochoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba, kudzera ku Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe, umatenga pafupifupi masiku atatu. Ilala ili ndi khitchini yake, koma okwera ambiri amanyamulanso kamba wawo, monga momwe amachitira abale athu okwera basi ya ku Joni.

Poto akayamba kuvina

Vuto loyamba ndi loti pansi sipakhazikika. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mphepo ya mwera imawomba kuchokera kumwera chakum'mawa ndipo mafunde amakula moti ngakhale Ilala imapendama uku ndi uku.

Mu Physics munaphunzira kuti chinthu chimagwa pamene centre of gravity yake yatuluka kunja kwa malo amene chakhalira. Tengani botolo la Sobo ndi beseni, muziike pathabwa, kenako mupendeketse thabwalo pang'onopang'ono. Botolo ligwa msanga, beseni lidakali phee. Chimodzimodzi mbaula yaitali miyendo yokhala ndi poto pamwamba: kulemera kwake kuli m'mwamba, pansi pake ndi popapatiza. M'boti mumafunika mbaula yaifupi, yotambalala pansi, yoikidwa pakati penipeni pa boti pomwe kugwedezeka kumachepa, ndipo imangidwe kapena kupanikizidwa kuti isatsetsereke.

Koma poto wa madzi ali ndi khalidwe lina limene mwala ulibe. Mukapendeketsa mwala, centre of gravity yake imakhala pomwepo m'kati mwake. Mukapendeketsa poto wa madzi, madziwo amathamangira mbali yotsika, kulemera konse n'kupita komweko, ndiye poto amapendama mowonjezera. Aliyense amene anasenzapo ndowa yosadzaza kuchokera kumjigo amazidziwa izi: imavuta kuposa yodzaza, chifukwa madzi amakhavukira uku ndi uku. Akatswiri a zombo amati free surface effect, ndipo ndi chifukwa chomwecho madzi olowa m'boti amayenera kukapidwa msanga. Kwa wophika, yankho ndi poto wakuya bwino, chakudya chisapitirire theka, chivundikiro chokwana, ndiponso chakudya cholimbirako m'malo mwa chamsuzi wambiri. Phala lolimba silikhavuka ngati tiyi.

M'maboti a matanga a kumayiko ena, chitofu amachipachika pa zitsulo ziwiri zozungulira zotchedwa gimbal. Boti likapendama, chitofu chimatsala chowongoka chifukwa kulemera kwake kuli pansi pa pomwe chapachikidwa. Ndi nzeru yomweyo ya ndowa yolendewera pa chingwe: gwedezani nthambi, ndowa iyang'anabe kumwamba.

Apa mutha kuona kale kuti nsima, ngakhale timaikonda, si chakudya chophweka m'boti. Imafuna madzi owira ambiri, phala limathovoka n'kuwotcha, pothyakula pamafunika dzanja limodzi logwira poto ndi lina la mthiko, pomwe wophikayo akufunanso dzanja logwirira boti. Komanso ndiwo zake zimafuna poto wachiwiri.

Moto pa thabwa

Boti ndi la matabwa, bwato ndi mtengo wogoba, chimbowera ndi zomera. Zonsezi ndi nkhuni. Ndiye moto umafuna chotchinga pansi pake, chimene sichipsa komanso sichidutsitsa kutentha msanga. Lata lokha silikwanira chifukwa chitsulo chimadutsitsa kutentha mofulumira. Lata limatentha n'kuwaula thabwa lili pansi. Mchenga kapena dothi louma ndiye zabwino, chifukwa pakati pa timiyala take pali mpweya, ndipo mpweya wosayenda ndi waulesi kwambiri ponyamula kutentha. Nzeruyi ndi yakale. M'zombo za Columbus mu 1492 ankaphikira pa bokosi lothiramo mchenga, ndipo nyanja ikakalipa moto sankakoleza n'komwe, anthu ankadya zouma.

Choopsa kwambiri m'boti la injini ndi petulo. Anthu amaganiza kuti bola moto usakhudze chigubu. Ayi ndithu. Chimene chimayaka si petulo wamadziyo koma nthunzi yake, ndipo petulo amatulutsa nthunzi yokwanira kuyaka ngakhale kutazizira kupitirira -40°C. Palafini amafuna kutentha kwa pafupifupi 38°C kapena kuposa kuti achite chimodzimodzi, n'chifukwa chake koloboyi amayaka mofatsa. Tsono nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya wamba. Pabwalo imabalalika, koma boti lili ngati beseni: nthunziyo imatsikira pansi n'kukhala pomwepo, osaoneka, pamalo omwewo pamene paikidwa mbaula. Ndiye m'boti limene muli zigubu za petulo, kuganiza kwanga ndi koti moto usakolezedwemo, ngakhale njala itavuta bwanji. Kuli bwino kukocheza n'kuphikira pamchenga.

Pali mdani wina wachete. Mphepo ikamawomba, munthu amafuna kutchinga mbaula ndi lona kapena kulowa nayo pamalo otsekeka. Makala akamayaka pomwe oxygen ndi wochepa amatulutsa carbon monoxide m'malo mwa carbon dioxide. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo umamatirira ku haemoglobin ya m'magazi mwamphamvu kuposa oxygen maulendo opitirira 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, tulo, n'kugona osadzukanso. Izi zikukukhudzani inu mwachindunji. Kuno ku Mzimba mu Juni ndi Julayi kumazizira zedi, ndipo kulowetsa mbaula m'chipinda, kutseka chitseko ndi zenera kuti muwerenge mukuwotha, ndi msampha womwewo. Tchingani mphepo mbali imodzi, koma pamwamba ndi mbali zina pakhale potsegula. Mnzanu mukamupeza atafooka m'chipinda cha mbaula, mutulutseni panja msanga ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Makala akupita kuti?

Pano tikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe pali ndalama. M'boti simunganyamule thumba lonse la makala, ndipo wa self-boarding amagula a kajumbo. Tiyeni tiwerengere.

Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika 4,200 J. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tinene kuti muli panyanja ndipo mukufuna kuwiritsa malita awiri kuchokera pa 25°C kufika pa 98°C. Kusiyana kwake ndi madigiri 73. Ndiye 2 × 4,200 × 73 = 613,200 J.

Tsopano madzi awira, poto ali pululu wopanda chivundikiro, moto uli lawilawi, ndipo pomaliza kuphika theka la lita lauluka ngati nthunzi. Kusandutsa kilogalamu imodzi ya madzi owira kukhala nthunzi kumadya pafupifupi 2,260,000 J. Theka lake ndi 1,130,000 J. Mwaona? Mphamvu imene yathawa ndi nthunzi ija ndi pafupifupi kawiri ya imene inawiritsa madzi onse. Makala amenewo mwawagulira mlengalenga.

Chinsinsi ndi ichi: madzi akafika powira, kutentha kwake sikukweranso, ngakhale mutakupiza moto mpaka manja kuwawa. Mphamvu yowonjezerayo imangopanga nthunzi. Nyemba zimene zikubwata pang'onopang'ono ndi zimene zikuwira mwaukali zili pa kutentha kumodzimodzi, ndipo zipsa nthawi yofanana. Ndiye poto akawira, chepetsani moto, vundikirani. Chivundikiro chimagwira nthunzi, nthunziyo imasanduka madontho n'kubwezera kutentha kwake mupoto. M'boti chivundikiro chikugwira ntchito ziwiri, kusunga makala ndi kuletsa kutayika.

Mphepo nayo ndi mbala. Imachotsa mpweya wotentha wozungulira poto n'kubweretsa wozizira, zomwe timati convection. Panyanja palibe mtengo kapena khoma, ndiye kachidutswa ka lata koimika mbali yochokera mphepo kamathandiza kwambiri.

Mwa njira zonse, imene ndimaiona yanzeru kwambiri ndi yophika popanda moto. Wiritsani chakudya bwinobwino, chotsani poto ali chivundikire, mumukulunge m'bulangete kapena mumuike m'dengu lodzaza nsanza, udzu wouma kapena makoko a chimanga, pamwamba n'kutsekanso. Zinthu zimenezi zimasunga mpweya wosayenda, wofanana ndi wa mumchenga uja, ndiye kutentha kumatuluka pang'onopang'ono ndipo chakudya chimapitiriza kupsa chokha. Mpunga wowira mphindi zisanu umatha kupsa m'dengu pasanathe ola. Msodzi atha kuwiritsa poto padooko, kumuika m'dengu, n'kukadya chotentha ali pakati pa nyanja popanda khala ngakhale limodzi m'boti. Wophunzira atha kuchita chimodzimodzi m'mawa n'kupeza nkhomaliro poweruka. Nyemba zokha zimafuna chisamaliro: ziviikeni usiku wonse, tayani madziwo, ndipo ziwire mwamphamvu pamoto mphindi zosachepera khumi, makamaka zofiira zija, chifukwa zili ndi poizoni wachilengedwe amene amaphedwa ndi kuwira kokha. Kuziwiritsa theka la ola musanaziike m'dengu ndi bwino koposa.

Pamene msodzi amatiposa a ku Mzimba

Mabuku amati madzi amawira pa 100°C. Izo ndi zoona pamalo ofanana ndi nyanja yamchere, pomwe mpweya umapanikiza ndi mphamvu ya pafupifupi 101 kPa. Mukamakwera kumtunda, mpweya wokhala pamwamba panu umachepa, kupanikiza kumachepanso, ndiye nthunzi imathawa m'madzi mosavuta. Pa mamita 300 aliwonse, madzi amawira motsika ndi pafupifupi digiri imodzi.

Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, choncho ku Nkhata Bay madzi amawira cha pa 98°C. Mzimba Boma ili pa mamita opitirira 1,300, ndipo pano amawira pakati pa 95°C ndi 96°C. Mukakwera ku Chikangawa amatsikanso. Anthu ena akamva izi amati ndiye kuti kuno chakudya chimapsa msanga, poti madzi akuwira msanga. N'zosiyana. Chimene chimapsetsa nyemba ndi kutentha, osati thovu. Mu Chemistry muli lamulo lachidule loti kutentha kukakwera ndi madigiri khumi, reaction imathamanga pafupifupi kawiri. Potengera lamulo limeneli, madigiri atatu atha kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yophikira. Nchunga zomwezo, poto yemweyo, mbaula yomweyo: za ku Usisya zipsa, za ku Edingeni zidakali ndi mtima.

Pressure cooker imachita zotembenuza. Imatsekera nthunzi m'kati, kupanikiza kumakwera, madzi amawira cha pa 120°C. Maganizo ake anayamba ndi Denis Papin mu 1679. Oyenda m'maboti a matanga amaikonda chifukwa chivundikiro chake chimakhoma, poto akagwa chakudya sichitayika. Mtengo wake ndiye wosayamba kwa ambiri a ife.

Tsono tiphike chiyani?

Chakudya choyenera m'boti ndi chimene chimalowa chonse mupoto mmodzi, chimapsa msanga, ndipo zipangizo zake sizivunda. Agogo athu anachipeza kale: futali. Mbatata kapena chinangwa chodulidwa tizidutswa, madzi pang'ono, mchere, nsinjiro pomaliza. N'cholimba, sichikhavuka, ndipo chili ndi carbohydrate, protein ndi mafuta pamodzi. Dulani tizidutswa ting'onoting'ono, chifukwa kutentha kumalowa kuchokera kunja kupita m'kati, ndiye kachidutswa kakang'ono kamapsa msanga.

China ndi mpunga wophikira limodzi ndi usipa wouma, anyezi ndi tomato. Kazingani anyezi ndi tomato, ikani usipa wotsuka, thirani madzi ndi mpunga, vundikirani, zikawira ikani m'dengu muja. Soya pieces amalowa m'malo mwa usipa bwinobwino. Mfutso nawo ndi wopepuka ndipo sudya malo.

Mtedza ndi mfumu ya kamba. Galamu imodzi ya mafuta imapereka pafupifupi 37 kJ, pomwe ya carbohydrate kapena protein imapereka 17 kJ, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta. Ndiye kathumba kakang'ono ka mtedza wokazinga kapena kabotolo ka chiponde kamanyamula mphamvu yambiri pamalo ochepa. Onjezani chimanga chokazinga, mbatata yootcha, ndi mandimu kapena malambe a vitamini C. Vitamini ameneyu ali ndi mbiri yake pamadzi: amalinyero akale a maulendo a miyezi ankadwala scurvy chifukwa chodya zouma zokhazokha, ndipo mu 1747 dokotala James Lind anayesa pa odwala 12 n'kupeza kuti opatsidwa malalanje ndi mandimu anachira msanga.

N'chifukwa chiyani zouma zimakhalitsa? Mabakiteriya amafuna madzi. Usipa ukayanikidwa pathandala, madzi ambiri amachoka ndipo tizilomboti timalephera kuswana. Mchere umachita zofanana pokoka madzi kudzera mu osmosis. Koma mukangophika, mwabwezera madzi aja, ndipo wotchi yayamba kuyenda. Pakati pa 5°C ndi 60°C mabakiteriya ena amatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Mmodzi yekha, pakatha maola asanu ndi limodzi, wawirikiza maulendo 18: werengani 2 kudzichulukitsa ka 18, mupeza 262,144. Mpunga ndi wachinyengo kwambiri, chifukwa bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus amapulumuka pophika, mpunga ukazizira n'kukhalitsa amatulutsa poizoni amene kutenthetsanso sikumupha. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Dengu lija ndi labwino pokhapokha chakudya chikadali chotentha kupitirira 60°C, chofuka nthunzi potsegula. Mukachipeza chili chofunda chabe, chiwiritseninso, ndipo ngati ndi mpunga wogonera, musadye. Phikani chokwanira kudya nthawi imodzi.

Madzi ali ponseponse, koma

Msodzi wa panyanja ya Malawi ali ndi mwayi umene wa ku Beira alibe: madzi omuzungulira alibe mchere. Koma kupanda mchere si ukhondo. Pafupi ndi madooko, pomwe anthu amasamba, kuchapa ndi kutsuka nsomba, madzi amatha kukhala ndi tizilombo ta kolera ngakhale akuoneka oyera mbee. Pa zimbowera za ku Chilwa madzi akumwa ndi chimbudzi ndi nyanja yomweyo, ndipo mu 2016 asodzi a kumeneko anachita kuwapititsira katemera wa kolera pamadzi pomwepo. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse, Nkhata Bay ili m'gulu la okhudzidwa kwambiri, ndipo unapha anthu opitirira 1,700.

Madzi akumwa awire mwamphamvu mphindi imodzi yathunthu. Musade nkhawa ndi 95°C ya ku Mzimba, tizilombo totsegula m'mimba timafa kutentha kusanafike pamenepo. Koma kumbukirani 613,200 J ija: kuwiritsa madzi akumwa kumadya makala. M'boti njira yosavuta ndi chigubu cha madzi othira WaterGuard kapena chlorine kumtunda, motsatira muyezo wolembedwa, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Madzi otsukira mbale ndi osamba m'manja nawonso akhale omwewo.

Yesani nokha

Pemphani thermometer kwa aphunzitsi a sayansi, yofika 110°C. Wiritsani madzi, ikani thermometer m'madzimo osakhudza pansi pa poto, lembani nambala. Kupizani moto, muwerengenso, muone ngati yasuntha. Ngati muli ndi mnzanu ku Chintheche kapena ku Nkhata Bay, achite zomwezo mufananize pa WhatsApp.

Kenako tengani mapoto awiri ofanana, lita imodzi ya madzi owira mwa aliyense, onse ovundikira. Wina muike pansi, wina m'dengu la nsanza. Yezani kutentha pa mphindi 30 zilizonse kwa maola atatu, mwachangu kuti musataye kutentha, n'kujambula graph. Funso lake: poto aliyense watenga nthawi yaitali bwanji kuti atsike kufika pa 60°C, ndipo wataya ma joules angati pofika pamenepo? Mayankho anu lembani m'munsimu, mutchulenso dera limene mwayesera.